Kanyumbu ndi Ankhondo Amene Sanabwere

Mukayang'ana kutsinde kwa phiri uko lero, muona chimanga ndi malata okhaokha. Ine ndisanapite ku migodi kunali mapira, ndipo pakati pa munda uliwonse panali nsanja yoingitsirapo mbalame. Pobwerako ndinapeza nsanja zonse zitagwa. Senderani kuno, ndikuuzeni za m'minda imeneyo.

Kalekale, mudzi wathu ukadali kutsinde komweko, munali munthu wina dzina lake Kanyumbu, wa mfunda wa Mbewe, kholo lathu, ndi mkazi wake Nachisale. Inali nyengo ya mphekesera. Aliyense wodutsa ankati ankhondo a zishango atentha mudzi wakutiwakuti, ali pafupi, ali pafupi. Anthu ankalima mtima uli m'mwamba.

M'mawa wina, mapira atayamba kucha, Kanyumbu ali pansanja anaona chimtambo cha mpheta chikutsika. Mayi wa munda woyandikana naye, Namilanzi, anafuula kuti, "Zafika! Zafika!" kuitana anzake kuti adzaingitse.

Kodi mawu amayenda bwanji, ana inu? Wa kuchitsime anamva mbali chabe. Anauza wa pamtondo, wa pamtondo anauza wa pabwalo, ndipo pofika pabwalo sanalinso "zafika". Anali "afika".

Mtsuko pansi. Musi pansi. Uyu anathawa poona mnzake akuthawa, mnzakeyo anawonjezera liwiro poona uyu akumutsatira. Ngakhale Namilanzi yemwe, mwini mfuu, ataona mudzi wonse ukukhamukira kuphiri, anadumpha pansanja n'kuliyatsa liwiro.

Kanyumbu anatsekereza mkazi wake panjira, mwana ali kumsana.

"Nachisale, mukupita kuti? Ndi mpheta izi."

"A Mbewe, mukufuna kufera mapira? Anthu onsewa ndi opusa, wanzeru ndinu nokha?"

"Wawaona ndani?"

"Aliyense wawaona. Ndisiyeni dzanja."

Anamusiya. Akanatani? Kutsatira mkazi kunali kupereka chakudya cha chaka chonse kwa mbalame. Anabwerera kumunda yekha.

Anaingitsa yekha, kukuwa mpaka mawu kusasa, kumenya mtondo ndi chibonga, kusonkha moto wa utsi m'mphepete mwa munda. Koma a kuphiri aja atamva kugundako anati ndi zishango. Ataona utsi anati mudzi wapsa. Chilichonse chimene iye ankachita pofuna kupulumutsa mapira, kumtunda kuja chinkasanduka umboni. Anayesa kukwera kukawaitana. Atamuonera patali chibonga chili m'manja, anamugubuduzira miyala.

Masiku amenewo m'mudzi munali iye, nkhuku, ndi mbuzi zolira m'makola. Ankazitsekulira yekha, kudya yekha, kudziyankha yekha.

Chinawatsitsa anthu aja ndi njala. Anapeza nyumba zili chiimire, popanda ndi phazi lomwe la mlendo, koma ngala za m'minda mwawo zili mbee, zopanda kanthu. Munda wa Kanyumbu wokha ndi umene unatsala ndi mbewu.

Mukuganiza kuti anamuthokoza? Anati, "Ankhondo amusiya bwanji ameneyu? Anapangana nawo." Mbewu yake analandira ndithu, ndi manja awiri, koma kumowa sankamuitana.

Zimenezo akanapirira. Chinamulasa mtima chinali m'nyumba mwake. Tsiku lina akupuntha mapira awiriwiri, anafunsa motsitsa mawu.

"Nachisale, pano palibe wotimvera. Munawaonadi?"

Mkaziyo anaika lichero pansi. "Ndinawaona, a Mbewe. Nthenga kumutu, akutsika pakhwawa paja. Mpaka lero ndikatsinzina ndimawaona."

Kanyumbu anamuyang'ana m'maso, naona kuti sakunama. Anakalamba m'nyumba imodzi, wina akukumbukira ankhondo, wina akukumbukira mpheta, ndipo nkhaniyo sanaikambenso.

N'chifukwa chake ife a mtundu wa Kanyumbu tikamva mfuu sitiyamba ndi miyendo. Timayamba tafunsa kuti wanena ndani, ndipo wanena chiyani kwenikweni. Tikudziwa kuti wofunsayo amatsala yekha panjira. Timafunsabe.

Nkhaniyi ndinkaikamba pamodzi ndi malemu agogo anu aakazi, iwo akundikonza ndikasokoneza maina. Tsopano wondikonza palibe, ndipo maina ena ayamba kundithawa. Wina mwa inu, amene dzanja lake silinjenjemera, atenge pepala ailembe, ndikadali ndi mpweya womuuza pamene walakwitsa.