Nthanga Khumi za Dorika

Ana inu, mwambi uja wakuti m'mera mpoyamba ambiri amangoutchula osadziwa kumene unachokera. Ine ndiye ndimadziwa, pajatu sukulu ndinafika nayo Fomu 4 ndipo masamu sanandigwetsepo. Tcherani khutu.

Pa nazale ina ya mitengo cha ku Bembeke pankagwira ntchito mayi wina, dzina lake Dorika Nangozo. Chaka china nazaleyo inalonjeza kupatsa sukulu makumi anayi nthanga za msambamfumu, sukulu iliyonse kathumba ka nthanga 200. Nthangazo anaziwerenga kale pozitola, zinali 8,000 ndendende, ndipo kiyi wa chipinda chosungiramo ankakhala ndi Dorika yekha.

M'mawa wa tsiku lotumiza, kapitawo wawo, bambo Kamtukule, anabwera ndi sikelo yowerengera zinthu.

"Mayi Nangozo, sizovuta izi," anatero. "Muikepo nthanga khumi, mudine apa, sikelo iphunzire kulemera kwa nthanga imodzi. Mukatero muzingothira, iyo izikuuzani nambala. Lole ifika 2 koloko."

Dorika anali mwana wa alimi, ndipo kwawo mbewu yoika patsogolo imakhala yosankha. Choncho anafunafuna m'thumba lalikulu lija mpaka anapeza nthanga khumi zonenepa, zonyezimira, zoti n'kuonetsa alendo. Anaziika pasikelo, nadina. Ntchito inayamba kuyenda ngati madzi, mnzake Elube akumanga timatumba.

Atadzaza kathumba ka 34, anapisa dzanja n'kukhudza pansi pa thumba. Mbee! Timatumba tisanu ndi kamodzi tinali tikadali pululu.

"Iii asisi, zapita kuti?" anafunsa Elube. "Kapena mbewa za masiku ano zili ndi kiyi?"

Dorika sanaseke. Anachotsa mbale ya sikelo, naipukuta, nadina kuti ibwerere pa ziro. Anatseka zenera poopa mphepo. Anapinda kapepala n'kutsamiritsa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Atabwezapo kathumba kamodzi, sikelo inanenabe zomwezo: 200.

Bambo Kamtukule atamva, nkhope inasintha. "Makina sanama, mayi. Nthanga zoposa 1,000 siziuluka zokha. Kiyi amasunga ndani?"

"Ndine, bwana."

"Ndiye lole ikafika zisanapezeke, mukafotokoze nokha ku ofesi."

Zaka khumi ndi ziwiri pa nazalepo, ngakhale chubu chimodzi chodzalamo mbande sanatengepo, lero atchedwe wakuba? Akayenda bwanji kutchalitchi? Dzuwa linali litapendeka kale. Anamasula kathumba kamodzi n'kukhuthulira pamphasa.

"Elube, tiwerenge ndi manja."

"Sikelo ilipo, ife tibwererenso ku Sitandade 1?"

"Werenga, iwe!"

Anaunjika milu ya khumikhumi. Milu makumi awiri inakwana, koma pamphasa nthanga zinatsalabe. Zonse pamodzi zinali 236. Dorika anayang'anitsitsa zotsalazo, zina zazing'ono, zina zophwatalala, ndipo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndinaiphunzitsa ndi zonenepa zokhazokha. Ikumayesa nthanga iliyonse ndi yaikulu, ndiye zazing'ono zitatu ikumaziwerenga ngati ziwiri!"

Ulendo uno sanasankhe. Anatapa mmene zinabwerera m'manja, nawerenga makumi asanu, zazikulu ndi zazing'ono, n'kuiphunzitsanso sikelo. Anadzaza kathumba, nakawerenganso ndi manja kuti atsimikize: 200. Anamasula timatumba tonse, nachotsamo zopitirira n'kuzithira m'timatumba totsala tija. Pamene lole inkaliza hutala pageti, Elube anali akumanga kathumba ka makumi anayi.

Bambo Kamtukule anavula chipewa. "Pepani mayi Nangozo, ndinafulumira pakamwa. Komanso sindinakuuzeni kuti musasankhe."

Dorika analoza mabedi a mbande panja. "Bwana, sikeloyi ili ngati mbande zathuzi. Chimene waika tsiku loyamba ndi chimene udzachipeze. M'mera mpoyamba."

Mawuwo anatuluka pageti limodzi ndi lole, ndipo mpaka lero tikunenabe kuti m'mera mpoyamba. Tanthauzo lake, ana inu, ndi lakuti ntchito imakoma kapena kuonongeka pachiyambi. Nthanga khumi zokha zinasokoneza 8,000, ndipo zinatsala pang'ono kudetsa dzina la mayi wosalakwa. Samalani poyambira. Ine ndinasamala, n'chifukwa chake lero ndine wokuphunzitsani.