Mbewu Zonyika Kale

Panali munthu wina, mlimi, dzina lake Lufeyo. Anali munthu wopemphera, zimenezo palibe akanatsutsa. Ku tchalitchi ankafika belu lisanalire, ndipo akayamba pemphero anthu ankadziwiratu kuti maondo achita dzanzi. Koma anali ndi kakhalidwe kamodzi. Ankayamba wachita chinthu, kenako n'kumufunsa Mulungu ngati achite.

Chaka china kunagwa njala. Banja la Lufeyo linadya zonse za m'nkhokwe, n'kungotsala ndi chimanga chochepa cha makolo chimene mkazi wake, Nasoko, anapachika kudenga la khitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Ana ankalira ndi njala chimangacho chikulendewera pamwamba pawo, koma Nasoko sanachikhudze. Chinali mbewu. Atachitong'ola, chinadzaza mabeseni awiri okha.

Kumapeto kwa Okutobala mvula inagwa tsiku limodzi, yamphamvu. Fumbi linatha, nthaka n'kununkhira. Mvula imeneyi timaitcha chizimalupsa. Ntchito yake ndi kuzimitsa moto wa m'tchire basi, si yodzalira. Aliyense amadziwa zimenezi, koma njala imaiwalitsa. Anthu anatola makasu n'kuthamangira kuminda.

Lufeyo anali ndi chizolowezi chonyika mbewu m'madzi kuti zimere msanga. Inu alimi mukudziwa kuti mbewu yonyika sibwerera m'thumba. Ikatupa iyenera kulowa m'nthaka, apo ayi iwola. Madzulo a tsiku lomwelo anakhuthulira beseni limodzi mu ndowa n'kuthira madzi. Akanathira onse awiri, koma ndowayo inachepa.

M'mawa anagwada pambali pa ndowa ija, khasu lili pafupi.

"Atate wakumwamba, nditsogolereni. Kodi ndidzale lero kapena ndidikire? Chifuniro chanu chichitike."

Nasoko anadikira mpaka pa ameni. Ndiye anasuzumira mu ndowa n'kunena, "Bambo a Tiyesere, mukufunsanso chiyani? Mbewu zatupa kale. Mulungu akati mudikire, muchita nazo bwanji?"

Lufeyo anadzala, popeza panalibenso njira ina. Chimanga chinamera bwino, mizere yonse n'kubiriwira. Kenako dzuwa linabwerera, linang'amba masabata atatu popanda ngakhale kamtambo. Timbewu tija tinafota, tinapiringizika, tinauma. Lufeyo anayenda m'munda monse osapeza phando limodzi lamoyo. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo chimene chinamuwawa koposa n'chakuti sakanatha kuloza Mulungu chala. Anali atadziyankha yekha asanafunse.

Tsopano linatsala beseni limodzi. Likapita limenelo, ndiye kuti banja lonse likhala chaka chachiwiri ndi njala.

Kumapeto kwa Novembala mvula inagwanso, kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Madzi anayenda m'tinjira. Alimi anzake anadutsa pakhomo pake ndi mbewu zawo zotsala, akufuula, "A Lufeyo, iyi ndiye yeniyeni. Mukhalira kuyang'ana kumwamba?"

Lufeyo anathamangira m'nyumba. Anakhuthulira beseni lomaliza mu ndowa, ananyamula chigubu cha madzi, n'kuchipendeketsa. Madzi atatsala pang'ono kutuluka, anayang'ana mbewu zija. Zinali zouma, zolimba, zoti zikhoza kudikira. Anatsitsa chigubu pansi, osagwetsa ngakhale dontho, n'kugwada.

Pemphero la tsiku limenelo linali lalifupi, mwina lalifupi koposa onse amene anapempherapo.

"Atate, mbewu ndi izi, sindinanyike. Mukati ndidzale, ndidzala. Mukati ndidikire, ndidikira."

Kumwamba sikunamveke mawu. Mngelo sanatsike. Koma mtima wake unakhala pansi, ndipo munthu mtima ukakhala pansi makutu amatseguka. Anamva mkazi wake akunena chapansipansi, "Bwanji mukayambe mwakumba, muone pamene madzi afika?" Mawu amenewa Nasoko ankawanena chaka chilichonse. Tsiku limenelo m'pamene mwamuna wake anawamva koyamba.

Anapita kumunda n'kugwetsa khasu pamzere. Pamwamba panali matope. Atalowetsa dzanja, chinyontho chinalekeza m'zala, pansi pake fumbi lokhalokha lotentha. Anakumba pena, chimodzimodzi. Anabwerera kunyumba, anabwezera mbewu m'beseni, n'kuvundikira.

Kudikirako sikunali kokoma, ndisakunamizeni. Minda ya anzake inabiriwira, wake uli mbee. Ena ankamuseka kuti kupemphera kwamuchititsa ulesi. M'mawa uliwonse ankavundukula beseni, kupemphera, n'kuvundikiranso. Dzuwa linabwerera monga poyamba, ndipo za anzake zija zinayamba kufota.

Patapita masabata awiri kunabwera mvula ya masiku atatu, yosathamanga, yolowerera. Ngumbi zinatuluka pachulu. Lufeyo anakumbanso, ndipo mkono unalowa mpaka m'chigongono uli m'chinyontho. Anagwada pamzere pomwepo kuthokoza, kenako anapita kukanyika mbewu zake. Beseni limodzi lija linadyetsa banja mpaka kukolola kwina. Ndipo ena mwa amene ankamuseka anadzapempha mbewu pakhomo pake chaka chotsatira, iye n'kuwapatsa.

Abale anga, ambirife sitilephera kupemphera. Timapemphera ndithu, koma mbewu titanyika kale. Mtsikana wavomera kale mwamuna, ankhoswe akumana, ndiye akuti, "Ambuye, ndionetseni ngati ali woyenera." Bambo wamanga kale katundu wa ulendo, watsanzika abale, ndiye akufunsa ngati apite. Mayi walankhula kale mawu owawa kwa mnzake, ndiye akupempha nzeru. Kumeneko si kufunsa njira. N'kuuza Mulungu kuti avomereze zathu.

Mulungu wathu amatsogolera, zimenezo ine sindikayika ngakhale pang'ono. Nthawi zambiri safuula. Amakhazika mtima pansi, amakumbutsa Mawu ake, amalankhula kudzera mwa munthu amene mwakhala naye m'nyumba zaka zonsezi, kenako amakutumani kukakumba kuti muone nokha. Koma amatsogolera munthu amene angathebe kutembenuka.

Ndiye sabata ino pali chimene mukufuna kuchita, mukuchidziwa inuyo. Chigubu chili kale m'manja. Chitsitseni pansi. Pitani nazo kwa Atate mbewuzo zidakali zouma.