Osakhudza Mpaka Chida Chifike

Panali munthu wina wa ntchito yathu yomweyi, dzina lake bambo Kadzuwa. Tsekani kaye malaputopuwo, inu a kumbuyo. Mwezi wamawa mukupita kukasunga makompyuta a anthu, ndiye munthu ameneyu mumumve bwino.

Bambo Kadzuwa ankayang'anira makompyuta a bungwe lina la alimi. Bungwelo linali ndi likulu m'tauni ndi maofesi asanu ndi awiri kumidzi, ofesi iliyonse kompyuta imodzi, onsewo oyendera pulogalamu yotchedwa Linux. Chaka chilichonse mvula isanagwe, kalaliki wa ofesi ankalemba mayina a alimi ofuna mbewu ya chimanga n'kuwatumiza kulikulu pa intaneti. Mayina akafika, lole inkanyamuka ndi mbewu. Akapanda kufika, lole sinkanyamuka. Mayina olemba pamanja kulikulu sankawalandira.

Ofesi yakutali koposa inali kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. M'chilimwe lole inkadutsa pamchenga. Mvula ikangoyamba, madzi ankatseka njira kwa milungu yambiri. Kalaliki wa kumeneko anali mayi Nanthambwe, munthu wosachedwa kuntchito, wosayankha akuluakulu mokweza.

Musamuyese mbuli bambo Kadzuwa. Ntchito ankaidziwa kuposa ambiri a inu. Chimene chinamutopetsa ndi msewu. Maola atatu pa njinga yamoto, fumbi m'mano, msana ukuwawa, kukafika n'kupeza kuti vuto lonse ndi waya wosalowetsa bwino. Zoterezi zimakwiyitsa, ndipo inenso zinandikwiyitsapo.

Tsiku lina anawerenga kuti akatswiri ena akunja akupanga chida chatsopano, pulogalamu yowongolera makompyuta onse a Linux a bungwe kuchokera pampando umodzi. Munthu adzakhala m'tauni, n'kumaona makompyuta onse pa sikirini yake, n'kumawakonza osanyamuka. Akatswiriwo analemba kuti chituluka pakatha miyezi itatu. Mtima wa bambo Kadzuwa unachoka pamsewu tsiku lomwelo.

Ankafuna kuti chidacho chidzapeze makompyuta onse ali ofanana, opanda wowasokoneza. Choncho anasindikiza mapepala asanu ndi awiri a zilembo zikuluzikulu: OSAKHUDZA. OSASINTHA CHILICHONSE. OSASUNTHA KOMPYUTAYI MPAKA CHIDA CHIFIKE. Anayenda ulendo wotsiriza, namata pepala pakhoma pamwamba pa kompyuta iliyonse. Kale anali ataphunzitsa makalaliki kuti kompyuta ikapempha apudeti, ndiye kuti kulandira zokonza zatsopano, azivomera. Tsopano anawauza kuti azikana. Mayina azilemba, azitumiza, zina zonse asiyire iye ndi chida. Atabwerera, kiyi wa njinga anamukoloweka pa msomali.

Miyezi itatu inatha. Akatswiri aja anati papezeka zofunika kukonza, chituluka kumapeto kwa chaka. Chaka chitatha anati chatsala pang'ono.

Kudikira kwake sikunali kwa munthu wogona, ayi. Bambo Kadzuwa sankakhazikika. M'mawa asanamwe tiyi ankatsegula tsamba la akatswiri aja. M'minibasi ankalitsegula. Anthu anamuonapo akusuzumira foni m'thumba pamaliro, abusa ali pakati pa ulaliki. Muofesi mwendo unkangogwedezeka pansi pa tebulo. Ankayima pawindo, kukhala, kuyimanso. Anajambula m'kope mmene adzawandandalikire makompyutawo chida chikadzafika, kenako anang'amba n'kujambulanso. Madzulo ankapita kunyumba atatopa ngati walima, pamene palibe chimene wagwira. Anzake a kulikulu anasiya kumupatsa moni wa masiku onse. Akakumana naye ankangofunsa kuti, “Chafika?”

Kumidzi kuja makompyuta ankapempha apudeti sabata iliyonse. Makalaliki ankayang'ana pepala la pakhoma n'kukana. Chaka choyamba mayina anapita bwinobwino. Chaka chachiwiri anapita movutikira. Bambo Kadzuwa anati mwaonatu, zinthu zikuyenda.

Chaka chachitatu, mu Seputembala, mayi Nanthambwe anaimba foni. Anapereka moni wonse, anafunsa za kunyumba, kenako ananena kuti kompyuta ikukana kutumiza mayina. Ikulemba kuti yakalamba, tsamba la kulikulu silikuidziwanso. Mayinawo anali mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Bambo Kadzuwa anawauza kuti asadandaule, akatswiri alonjeza mwezi uno.

Patatha milungu iwiri mayiwo anaimbanso. Maofesi ena onse mayina anali atadutsa mwamwayi, lole inali itayamba kuzungulira. Kutsidya alimi anali atamaliza kugalauza mizere, ndipo ankabwera pakhonde la ofesi m'mawa uliwonse kudzafunsa. Mayi Nanthambwe anapempha kuti mwina aimange kompyutayo pa kabaza abwere nayo okha m'tauni.

“Mayi, pepala lija likuti chiyani?”

“Likuti osasuntha, bwana.”

“Basi. Ndibwera ndekha.”

Ndipo anafunadi kupita, apa ndisamunamizire. Lolemba m'mawa anathira mafuta m'njinga, anavala jekete, anachotsa kiyi pa msomali. Kiyi ali m'dzanja, foni inalira. Unali uthenga wa akatswiri aja: chida chituluka Lachisanu. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Anaganiza za maola atatu a fumbi. Anaganiza kuti adzaoneka wopusa kuvutikira chinthu chimene Lachisanu adzachite ndi chala chimodzi. Anabwezera kiyi pa msomali. Akuluakulu atamufunsa za kutsidya, anati zonse zili m'manja.

Lachisanu limenelo silinabweretse kanthu. Lotsatira lake chimodzimodzi. Okutobala anatha, kutentha kukukulirakulira, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika. Bambo Kadzuwa ankayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana pa foni, n'kuyang'ananso kumwamba. Tsiku lililonse ankadziuza kuti mawa akapanda kutulutsa anyamuka. Mawa likafika ankati wadikira kale zaka zitatu, tsiku limodzi n'chiyani.

Chida chinatuluka sabata yachiwiri ya Novembala, Lachitatu masana. Chinali chabwino, akatswiriwo sananame. Bambo Kadzuwa anachiika pa kompyuta yake, anaitana anzake kuti adzaone. Sikirini inatseguka, yoyera, yokongola, yopanda kompyuta ndi imodzi yomwe. Pakati panali malangizo a mizere iwiri. Woyamba unati pitani pa kompyuta iliyonse, muilembetse ndi manja anu. Wachiwiri unati chidachi chimalandira makompyuta okhawo amene Linux yake ndi ya chaka chino.

Makompyuta ake onse anali atatsalira zaka zitatu, ndipo amene anawatsaliritsa anali iye mwini. Apudeti wamba sakanakwaniranso. Iliyonse inafunika kuikidwa Linux yatsopano kuchokera pa fulashi, munthu atakhala pamaso pake.

Sanadikire kuti kuche kawiri. M'mawa mwake ananyamuka, fulashi m'thumba, kulunjika kutsidya. Ali pakati pa njira mphepo inasintha. Fungo la dothi lonyowa linamupeza asanaone dontho. Mvula inali itagwa kale kumapiri, ndipo pamene amafika pamtsinje, mchenga uja sunkaonekanso. Madzi ofiira ankathamanga ndi zitsa ndi mapesi. Anazimitsa njinga n'kuima m'mphepete. Patsidya, pakati pa mitengo, denga la malata la ofesi ija linkaoneka bwinobwino. Anayenda uku ndi uku kufuna powolokera mpaka nsapato zinadzaza matope. Kenako anabwerera.

Maofesi ena asanu ndi imodzi anawakonza m'masiku asanu ndi limodzi. Pa sikirini yake panayaka timadontho tobiriwira tisanu ndi kamodzi, kompyuta iliyonse kadontho kake. Mbewu ya alimi mazana anayi ndi khumi ndi awiri inakhala m'nyumba yosungira katundu m'tauni, matumba osatsegula.

Madzi anatsika mu Januwale. Bambo Kadzuwa anasiya njinga tsidya lino, anapinda thalauza n'kuwoloka wapansi. Njira yopita kuofesi inkadutsa m'minda. Anthu anali atabzala chimanga cha m'nkhokwe, chofumbwa, chimene ankasungira kudya. Chinamera apa ndi apo, chachifupi, chachikasu. Minda ina inali udzu wokhawokha. Amene anakumana naye m'njira anamupatsa moni mwaulemu, ena kuvula chipewa. Akanamutukwana zikanamupepukira.

Mayi Nanthambwe anamulandira, anamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Kenako anavundukula kompyuta. Inali itafundidwa chitenje, yopanda fumbi ngakhale pang'ono, pamalo pomwe bamboyo anaisiya zaka zitatu zapitazo. Bambo Kadzuwa anakweza maso kukhoma. Pepala lija linalipo, koma silinali lake. Lake dzuwa linalifufuta kalekale. Mayiwo anali atalemba lina ndi dzanja lawo, mawu omwewo, zilembo zikuluzikulu, n'kulimata ndi selotepi watsopano.

“Sitinakhudze, bwana,” anatero mayi Nanthambwe. “Tinasunga monga munanenera.”

Sananene monyoza. Ananena ngati munthu amene wapereka chinthu chimene anasungitsidwa. Munda wawonso unali m'gulu la minda ija.

Ntchito yokonza kompyutayo inamutengera maola awiri. Mayina aja anapita kulikulu m'kuphethira kwa diso, nthawi yobzala itatha kale. Atabwerera m'tauni anapeza timadontho tonse tisanu ndi tiwiri tikuwala mobiriwira. Anatseka sikirini n'kutuluka panja.

Tsopano inu. Ndimakumvani m'makonde muno mukukambirana za zida zimene zikubwera, zimene akuti zidzakuchitirani zonse. Zina zidzabweradi, ndipo zidzakhala zabwino. Zilakalakeni, sindikukuletsani. Koma tsiku lotulutsa chida ndi la eni ake, akhoza kulisuntha kakhumi osapepesa. Tsiku la mvula palibe amene amalisuntha. Pamene mukudikira, kiyi wa njinga asakhale pa msomali.

Chinanso, ndipo ichi chimandiwawa. Kumene mukupitako mukapeza anthu aulemu, amene mawu a munthu wa kulikulu sawatsutsa. Mukawauza kuti asakhudze, sadzakhudza, ngakhale aone munda wawo ukufa. Inu mudzaiwala chimene munamata pakhoma. Iwo adzachilembanso chikafufutika. Choncho musanalembe kuti “mpaka”, dzifunseni kuti akapanda kubwera amene mukumudikirayo, adzagone ndi njala ndani.

Tsegulani malaputopu. Amene sanapange apudeti sabata ino ayambe ndi yakeyo.