Msangu wa Amake Ndaziona

Panali mayi wina wa kuchigwa amene anakwatiwa kumapiri. Pochoka kwawo anamanga njere zitatu za msangu pansonga ya chitenje. Anazitola m'khola, poti njere yodutsa m'mimba mwa mbuzi sichedwa kumera. Kumudzi kwa mwamuna wake kunalibe wodziwa mtengowu.

Mbande ziwiri zinadyedwa ndi chiswe. Imodzi inakula pakati pa munda. Mayiyo anaitchinga ndi minga, n'kumaigawira madzi ake akumwa akamalima. Mwamuna ankangoyang'ana chammbali. Kwa iye mtengo pakati pa chimanga unali mbala ya dzuwa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, mvula yoyamba itagwa, mitengo yonse inavala zobiriwira. Msangu wokha unayoyola masamba onse, n'kutsala mbulanda.

M'mawa wina mwamuna anafika ndi nkhwangwa paphewa.

"Amake Ndaziona, mlendo wanu uja watisiya. Bola tiotheko moto."

Mayiyo anaika khasu pansi, nakaima pakati pa nkhwangwa ndi tsinde. Kumapiri konseko cha kwawo chinali mtengo wokhawo. Anakanda khungwa la nthambi ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira, monyowa.

"Taonani, bambo. Sunafe uwu, wangovula kuti ufunditse chimanga chanu. Mukadzaupeza chonchi mu Okutobala, nkhwangwayo ndidzakunolerani ndekha."

Mwamuna anaseka, nabwerera nayo kunyumba.

Chaka chimenecho chimanga cha pansi pa msangu chinapitirira mutu wa mwini munda. Dzuwa linkadutsa m'nthambi zopanda kanthu, ndipo masamba aja anasanduka manyowa. Kenaka chinafika chilimwe. Mitengo ina ija inayoyoka, phiri linatuwa, miyala inkawotcha mapazi. Pamenepo ndi pamene msangu unaphuka, tsamba pa tsamba, mpaka kuyala mthunzi ngati mphasa yaikulu. Amayi ochokera kuchigayo ankatula matumba awo pomwepo. Mbuzi zinkaima khosi m'mwamba, kudikira zipatso zake zopindika zija.

Masana ena mayiyo anapeza mwamuna wake atagona chagada patsinde, chipewa kumaso.

"Bambo, nkhwangwa ija ndanola."

"Kaikeni kutali," anayankha osadzuka. "Ndipo m'kholamo musasese. Tikufuna njere zina."

Iwe amene ukumva, pali anthu amene nyengo yawo siyendera limodzi ndi ya anzawo. Ukaona wina ali mbuu pamene onse akubiriwira, usathamangire nkhwangwa. Yamba wakanda khungwa. Mwina ndi pa iye pamene udzausepo likadzakula dzuwa.