Mlendo wa M'khutu la a Nangozo

Ku dambo la Chisenjere kunali njati makumi anayi, kakowa mmodzi ndi nkhupakupa zosawerengeka. Njati zinkakonda thope, nkhupakupa zinkakonda magazi a njatizo, ndipo Kakowa ankangofuna kugwira ntchito yake mwamtendere. Udani unali pa thopelo, chifukwa njati ikavimvinizikamo nkhupakupa zimabanika n'kuyoyoka. Zotsalira Kakowa ankazitola pamsana ngati akutola mtedza.

Njati zimenezi zinalibe mfumu, koma zinali ndi mwambo wawo. Dzuwa likafika paliwombo zonse zinkagona pansi, iliyonse italozetsa mutu kumene ikufuna kuti gulu lipite. Yofuna ku dziwe la thope inkaloza kumadzulo, yofuna ku tsekera inkaloza kum'mawa. Pamenepo pankangoti zii, osatsokomola n'komwe, mpaka Kakowa atakwera pachulu, kuwerenga mitu n'kulengeza mbali imene yachuluka.

Chaka china kunatentha koopsa, moti thope linkapambana tsiku ndi tsiku. Nkhupakupa zinatha ngati makatani. Mkulu wawo Kanong'ona, wonenepa ngati njere ya nsatsi, anaitanitsa msonkhano pansi pa mchira wa njati ina.

"Abale anga, tikutha," anatero Kanong'ona. "Nyanga tilibe, mapiko tilibe. Koma tandiuzani, malo athu otetezeka ndi ati?"

"M'makutu!" zinayankha zinzake.

"Nanga mukulira chiyani? Wagwira khutu la njati wagwira njati yonse."

Anaziphunzitsa mawu oti zikanene, n'kuzichenjeza kuti zisasinthe liwu ndi limodzi lomwe. Madzulo a tsiku lomwelo njati iliyonse inamva kaliwu kakang'ono kakunong'ona m'khutu mwake. "Usatembenuke, ndine bwenzi lako. M'dziwe muja mwabisala Ng'ona, ndipo Kakowa amabera powerenga kuti azikuperekani kwa iyeyo. Ndikuuza iwe wekha, poti pagulu lonseli wochenjera ndiwe."

Aa, njati inu! Nyama yonseyo, nyanga zonsezo, koma m'khutu mwake simatha kuonamo. Za Ng'ona mwina zikanakayikira, koma zoti wochenjera ndi iyo, imeneyo iliyonse inavomereza nthawi yomweyo. Kutacha, njati zonse zinkayenda modzikweza, kuyang'ana zinzawo mwachisoni kuti sizikudziwa kanthu.

Woyamba kutulutsa nkhaniyi poyera anali Chiphwanya, nkhunzi ya khosi ngati mtondo, imene chiyambire sinaonepo vuto losatheka ndi nyanga. Anapalasa fumbi n'kufuula kuti iye, poganiza mozama yekhayekha, watulukira chiwembu. Atangotchula Ng'ona ndi Kakowa, njati zina zinayamba kugwedeza mitu.

"Inenso ena ake ananditsina khutu," inatero ina.

"Ine ndiye ndinadziwa kalekale," inatero inzake.

Panalibe inafunsa inzake kuti inamva kwa yani. Iliyonse inkasunga bwenzi lake la m'khutu ngati chuma. Zitaona kuti zambiri zikunena chimodzimodzi, zinati umboni ndi umenewo, nanga njati zonsezi zinganame?

Kakowa anadabwa kwambiri. Anati aliyense wokayikira akwere naye pachulu awerengere limodzi. "Mwamumva?" anatero Chiphwanya. "Wakonzeratu mayankho! Wosalakwa sayankha msanga choncho."

Njati ina yaikazi inanena mwamantha kuti madzi a m'dziwemo amalekeza m'mawondo, ndipo palibe anaonamo ng'ona chibadwire. Chiphwanya anaiyang'ana ndi diso lofiira. "Kuchenjera kwake n'komweko! Ikanakhala ng'ona wamba bwenzi titaiona. Ndipo tamuonani mbalameyu, tonse timada ndi thope, iye mbee chaka chonse. Akubisa chiyani?"

Kuyambira pamenepo palibe njati inalolanso Kakowa kutera pamsana pake. Ankangoyenda m'mbali mwa gulu, njala itamugwira, akuona nkhupakupa zikutupa pamakosi a anzake. Mtima unamupweteka kwambiri, chifukwa anabadwira mu mtengo wa mthethe wa m'mphepete mwa dambo lomwelo ndipo gulu lina sankalidziwa. Njati nazo zinkangokhalira kudzikanda pa mitengo, n'kumati kuyabwako ndi mankhwala amene Kakowa wawaza.

Ngakhale zinali choncho, tsiku lina atawerenga anapeza kuti thope lapambanabe ndi mitu iwiri. Analengeza zimene anaona.

"Wabera!" anabangula Chiphwanya. "Basi, zakwana! Mawa tigona komaliza, ndipo pachulu ndikwera ndine. Mitu ikachuluka kum'mawa, mbalameyi ichoke m'dambo muno, zowerengazi zithe, nyanga zizitsogolera. Woloza kumadzulo ndiye kuti ndi mlamu wake wa Ng'ona, ndipo ndidzamuona bwino."

Mwina mukufunsa kuti thope linkapambana bwanji pakati pa mabodza onsewa. Chifukwa chake chinali a Nangozo. Amenewa anali njati yaikazi yogontha, chiwagonthetsereni mphenzi imene inagwera mtengo pafupi nawo, ndipo monga achitira ogontha ambiri, ankayankhula mokweza ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Zonse zimene Chiphwanya ankabangula iwo ankangoona pakamwa pakutakataka, n'kumati ndi matukutuku a nkhunzi basi.

A Nangozo ankakonda thope kuposa china chilichonse, ndipo masana alionse ankalozetsa mutu kumadzulo. Anali ndi ana aakazi asanu ndi mmodzi, ndi adzukulu ambirimbiri. Onsewo anali atamva za Ng'ona m'makutu mwawo, koma ankaopa amayi awo kuposa ng'ona, choncho ankagona moloza kumene amayiwo aloza.

Nkhupakupa zitatu zinali zitatumidwa kale ku khutu la a Nangozo, ndipo zonse zinabwerako mawu atasasa. "Ana inu ndinu aulesi," anatero Kanong'ona. "Ntchito imeneyi ndikaigwira ndekha. Mayi ameneyu akangotembenuka, banja lake lonse latembenuka, ndipo Kakowa wapita." M'mawa wonse anakwawa kuchoka ku mchira, ndipo anafika m'khutumo dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu.

Nthawiyo n'kuti njati zitagona kale. Chiphwanya anali pachulu, Kakowa ataima patali ndi mwendo umodzi, mutu uli zyoli. Dambo lonse linali zii monga mwa mwambo. Kanong'ona anakonza pakhosi n'kuyamba kunong'ona: "Usatembenuke, ndine bwenzi lako."

A Nangozo anagwedeza khutu. "Kodi alipo akuyankhula?" anafunsa, mawu awo n'kumveka mpaka ku tsekera.

"Amayi, chete, akuwerenga," anawakodola mwana wawo wamkulu.

Kanong'ona anakweza mawu pang'ono. "Ndati ndine bwenzi lako!"

"Ndikumva ngati kaudzudzu. Ngati muli ndi mawu kwezani, bambo! Mwadya kodi?"

Apa Kanong'ona anapsa mtima. Chiyambire palibe khutu linamukanikapo, ndipo nthawi inali kutha, poti Chiphwanya anali atayamba kale kuwerenga. Anakokera mpweya wonse m'mimba mwake, anaiwala kumene ali, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse. Khutu la njati ndi lalikulu ndiponso lobowoka ngati lipenga, choncho mawuwo anatuluka n'kuwanda dambo lonse.

"NDATI M'DZIWE MUJA MWABISALA NG'ONA! KAKOWA AMABERA POWERENGA! NDIKUUZA IWE WEKHA, POTI PAGULU LONSELI WOCHENJERA NDIWE!"

"Ehee, tsopano ndamva!" anatero a Nangozo mokondwa. "Ana inu, mwamva? Akuti wochenjera ndine! Zaka zonsezi inu osandiuza?"

Njati makumi atatu ndi mphambu zinali kukamwa yasa, makutu ali njo. Kenako ina inadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Pepani," inatero, "koma mawu amenewo ndi anga. Anandiuza ine ndekha."

"Iwe wekha bwanji? Anauza ine!"

"Inunso anati ndinu wochenjera?"

"Liwu ndi liwu, m'bale wanga!"

Woyamba kuphulika anali mwana wamkulu wa a Nangozo. Phwete limenelo linagwira mnzake, mnzakeyo n'kupatsira wina, mpaka gulu lonse linali kugubuduka m'fumbi, miyendo m'mwamba, misozi ili mbwembwembwe. Zinkalozana ndi nyanga, iyi ikuti "Moni, a wochenjera!" inzake ikuti "Zikomo, a wochenjera anzanga!" Mbawala zimene zinkadya chapatali zinathawa poganiza kuti kwagwa nkhondo.

A Nangozo sanamvetse chimene chikuseketsa, koma anali ndi nkhawa ina. "Kakowa!" anaitana. "Waima kutali bwanji ngati mkamwini wamanyazi? Tabwera undionere mlendo ali m'khutumu. Wandiyamikira bwino, ndikufuna ndimuone nkhope."

Kakowa anayandikira mwaulemu, analowetsa mlomo wake wautali, n'kutulutsa Kanong'ona miyendo ikupalapata. Anamukweza m'mwamba kuti aliyense amuone. Njati zinaunjikana, zikuyang'ana kanthu kotupa ndi magazi awo komwe kanazisowetsa mtendere masiku onsewa.

"Kameneka?" anatero a Nangozo. "Mawu onse aja kameneka?"

"Ndikhoza kufotokoza," anatero Kanong'ona. Koma Kakowa anali atagona ndi njala masiku asanu, ndipo kufotokozako kunathera kum'mero.

Chiphwanya yekha ndiye sankaseka. Anaima pachulu atakwinya nkhope, n'kunena kuti za enawo sakudziwa, koma iye maganizo ake anali a m'mutu mwake. Kakowa anamufunsa modzichepetsa ngati angalole kuti angosuzumira m'khutu mwake. Gulu lonse linali kumuyang'ana, choncho anapendeketsa mutu monyinyirika.

Kakowa anatulutsa nkhupakupa imodzi, kenako yachiwiri, kenako yachitatu. Njati zinayamba kuwerenga mokweza ngati ana a sukulu, ndipo zinalekeza pa zisanu ndi ziwiri, khutu limodzi lokha. "Koma ndiye munali ndi alangizi, achimwene!" inafuula njati ina kumbuyo. Chiphwanya anagwetsa nkhope, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anasowa choti agunde.

"Kakowa," anatero potsiriza, mawu ali pansi, "ndinakulakwira, ndipo ndinafuna kukupitikitsa kwanu popanda chifukwa. Kwera pano tiwerengere limodzi. Ine ndikadutsa khumi mutu umazungulira."

Njati zinagonanso, dambo linatinso zii, ndipo awiriwo anawerenga mutu umodziumodzi. Wolengeza anali Chiphwanya mwini wake. "Kumadzulo nonsenu," anatero. "Kum'mawa kunatsala ine ndekha, koma nanenso msana ukundiyabwa."

Zinapita ku dziwe zikuthamanga, Kakowa ali pa linunda la Chiphwanya. Zitafika m'mphepete zina zinaima kaye, poti bodza likalowa silituluka tsiku limodzi. A Nangozo sanadikire munthu. Analowa n'kulidutsa dziwelo uku ndi uku, madzi akulekeza m'mawondo, ndipo chimene anavumbulutsa ndi chule mmodzi amene anatuluka akudandaula kuti amupondera nyumba.

Pamenepo zonse zinadziponyamo, thope n'kuthovukira mpaka m'mitengo. Madzulo amenewo Kakowa anayendera khutu lililonse, ndipo anakhuta mpaka kulephera kuuluka, moti anagona pansi pa mthethe wake m'malo mwa pamwamba. Kuchokera tsiku limenelo pachulu pankakwera awiri, Kakowa ndi njati imodzi mosinthanasinthana. Masiku ena tsekera linkapambana, masiku ena thope, ndipo ogonja ankang'ung'udza pang'ono n'kutsatira anzawo.

Phunziro: Mawu okuuza kuti wochenjera ndiwe wekha, ndipo anzako onse akupusitsidwa, uziwafunsa kuti akuchokera kwa yani ndipo mwini wake apindula chiyani ukawakhulupirira. Nkhani yoona siopa kunenedwa mokweza pagulu. Ndipo wokuuzani kuti musiye kuwerenga mitu n'kuyamba kuyeza nyanga, muyambe mwamuyang'ana m'khutu.