Buluku la a Yotamu Lokana Kunjuta

Kalekale, amuna akadali kupita kumigodi ya ku Joni, m'mudzi mwathu muno munali a Yotamu, malume awo a amayi anga. Makani a munthu ameneyo amandipsetsa mtima mpaka lero.

Anabwera kuchokera ku Joni ndi buluku la jinzi, loyamba kuoneka kuno. Osati zanu zong'ambika m'maondozi, ayi! Linali lothina, lolimba gwa ngati chikopa chouma.

Mlongo wawo Nasiwelo anati, "Achimwene, bweretsani ndikalimenye pamwala kudambo, lifewe."

"Ulikhudze uone! Madzi amachotsa mtundu."

Tsono a Yotamu anali atafunsira mbeta kutsidya, dzina lake Eneresi, mkazi amene anamuganizira zaka zinayi ali pansi pa mgodi. Ankhoswe anali atagwirizana kale.

Inu ana, mkamwini akakumana ndi apongozi aakazi panjira amatani? Amapatuka, n'kunjuta patchire mpaka adutse. Nanga pamenepa pali chovuta?

Tsiku lina anakumanadi nawo pakanjira ka kuchitsime. Ayese kunjuta, buluku lakana. Ayesenso, ulusi wayamba kulira kumbuyoku. Munthu wanzeru akanati ling'ambike, ukwati utsale. Koma iwo? Anaimirira njo pakati pa njira, n'kutukula chipewa.

"Moni, mayi!"

Apongozi anaponya mtsuko pansi, n'kupatukira okha patchire.

Mawa lake nkhoswe inabwera. "A Yotamu, nkhaniyi ndi yaing'ono. Apongozi akuti mubwere mutavala kabudula, mudzanjute pabwalo, zithe."

"Ine wa ku Joni, kabudula? Auzeni azolowere."

Azolowere! Mwamva? Nasiwelo anawadandaulira, ankhoswe anabweranso kachiwiri, iwo kakaka pa mawu omwewo. Eneresi anadikira dzinja lathunthu, kenako anakwatiwa ndi munthu wosoka mphasa.

Ndipo bulukulo, kulimba kwake, linatha zaka makumi atatu. Ine ndinawapeza a Yotamu atakalamba, akudziphikira okha, akudzitungira okha madzi. Eneresi akamadutsa ndi zidzukulu zake, iwo ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinkawamvera chisoni, koma ndinkafunanso kuwagwedeza.

N'chifukwa chake pabanja pathu pano, mwana akamagula buluku timamuuza kuti anjute kaye pamsika pomwepo, anthu aseke. Likakana, alisiye. Chovala chimene chikukuletsa kupinda maondo pamaso pa anthu chidzakusiya wekha.