Uchi wa Apongozi

Nachisale ankagulitsa uchi wa ku Ntchisi pa WhatsApp, n'kumautumiza pa basi. Pa ofesi yotumizira katundu panali a Gondoloza, amene ankatsegula katoni yake iliyonse n'kuchotsamo botolo limodzi.

"Ndi lamulo, mayi. Zamadzimadzi timayamba talawa," ankatero. Munthu akakana, katundu wake ankagonera pansi pa tebulo mlungu wathunthu.

Nachisale anafufuza pa Facebook mpaka anapeza zithunzi za ukwati wa a Gondoloza. Lolemba anabwera ndi katoni yomata bwino, mabotolo atawakulunga m'nyuzipepala, adilesi atailemba kuseri.

A Gondoloza anang'amba tepi, n'kutsegula botolo, n'kupisamo chala.

"Wolandira ndani?" anafunsa, chala chili m'kamwa.

"Ndalemba kuseriku, bambo."

A Gondoloza anasuzumira. Panali dzina la Mayi Nasibeko a ku Chirimba, apongozi awo enieni, owaberekera mkazi.

Nachisale anawaimbira foni mayiwo, n'kukweza mawu a foniyo kuti onse apamzere amve.

"Mayi, uchi wamphatso ndinakulonjezani uja ukubwera, koma mabotolo atatu, osati anayi. Limodzi latsala ndi bambo amene amalawa kuno. Ali pompano, apatseni moni."

A Gondoloza anavula chipewa, n'kunjuta kuseri kwa sikelo.

"Wawa, amayi," anatero chapansipansi.

"Iii! Amenewotu ndi mawu a mkamwini wanga," anatero Mayi Nasibeko. "Ntchito mumapitira m'mamawa ija ndi imeneyi?"

Nachisale anadikira pang'ono, kenako anasuzumira kuseri kwa sikelo.

"Mukadzuka mundimatirenso tepi, bambo. Mulembenso pamwamba kuti muli zosweka."